Kathumba ka Asewere

Lolemba, 27 Meyi

Kope ili anandigulira mwana wanga Thandi kuti ndizilembamo BP m'mawa uliwonse. Ndalembamo kawiri, zanditopetsa. Manambala sakamba nkhani. Kuyambira lero ndizilembamo zanga.

Mawa ndikupita pa Mlambe, kamsika kena kuseri kwa nyanja ya Malombe, kumene mwana wanga wamwamuna Davide anakakhala chikamwini. Mkazi wake Rahma wachira Lachisanu lapitali, mwana wamkazi. Mdzukulu wanga woyamba ameneyo!

Chikwatire sindinapondeko. Anthu kuno ku Malindi ndimawauza kuti ndi mwendo. Mwendo uli bwinobwino. Mwana wobatizidwa pa mishoni, wakula ndi nkhafi m'manja, kukakhala kwa eni ake, kumalima matope, n'kumatchedwa Che Daudi, ine zinandiwawa ndipo sindinabise. Ine Keti sinditha kubisa.

Dzulo pafoni Davide anati: "Amayi, bwerani mudzaone mwana. Koma pakamwa panupo musiye ku Malindi. Mukayambana ndi apongozi anga, wotsala nazo ndine. Ndipo sindidzakuitananinso." Sanakalipe ayi. Walankhula mofatsa ngati nesi, n'chifukwa chake zandilowa.

Ndiye ulendo uno ndikukakhala munthu wabwino. Wothandiza, womwetulira, wosayankha. Sabata imodzi yokha, sindifa nayo.

Ndalongedza chambo chowamba, utaka, sopo, tizovala ta mwana. Thandi akuti ndisiye yunifomu ya kutchalitchi. Ndaiika pansi penipeni.

Lachiwiri, 28 Meyi

Ndafika, msana ndi umene watsala m'njira. Minibasi mpaka pa mlatho, kenako kabaza wa njinga yamoto. Mnyamatayo ankayendetsa ngati mafuta ndi obwereka kwa apongozi.

Titayandikira ndinangoona msewu wonse wasanduka chikasu. Mpunga! Ayanika m'mbali, pakati, pakhomo la mzikiti, paliponse pamene pali malo osalala. Wakabaza anangodutsa pamwamba pake. Ndinakuwa kuti chakudya cha anthu icho, iye n'kuseka, ati kuno ndi momwemo, eni ake sadandaula. Kwathu utaponda usipa wa munthu pa thandala, ungabwerere ndi miyendo yonse?

Pa Mlambe penipeni ungamalize kuona uli chiimire. Mlambe womwewo, mzere wa magolosale, chigayo chimene sichipuma, tirumu, telala, ndi mavenda atapachika masikelo m'mitengo. Fumbi la mankhusu lili paliponse, m'maso, m'khosi, m'bulauzi. Mbuzi za kuno n'zonenepa kuposa anthu.

Davide (ndizingolemba kuti D.) anandichingamira atavala kofia. Wada, wachepa thupi, manja akhakhala. Ndinatsegula pakamwa, ndinakumbukira, ndinatseka. Ndinangoti, "Ukuoneka bwino." Anandiyang'ana mokayikira.

Asewere, mayi ake a Rahma, dzina lawo a Mwanabibi. Ndimaganiza kuti ndikapeza chimzimayi chachikulu cholamula. Ndi kamunthu kochepa, kolankhulira pansi, mawu ake ochita kuwerenga. Amuna awo ali ku Joni, pakhomo ndi m'munda amayendetsa okha. Anandilandira ndi manja awiri, anandiyalira mkeka watsopano. "Takulandirani, asewere. Tinkangokumvani." Kaya ankamva zotani, sindinafunse.

Mwana! Aa, mwana. Mphuno ya malemu bambo ake a D. yeniyeni, anene zimene anganene. Ndinamunyamula misozi n'kungotsika yokha, Rahma n'kumayang'ana kumbali kuti ndisachite manyazi. Mtsikanayu ali ndi khalidwe, ndivomere. Dzina ampatsa Lachinayi, tsiku lomumeta.

Chondiseketsa ndi ichi. D. ndi apongozi ake sayang'anana, sakhala pamkeka umodzi, salankhulana mwachindunji. Asewere akamatulukira uku, mwana wanga akhotera uko. Madzulo ankachokera ku bafa, anawaona akubwera, analowa m'khola la mbuzi n'kuima momwemo mpaka atadutsa. Mwana amene ankandiyankha ine mayi wake maso ali gwa! Zofuna kuuzana amatuma Rahma, ngakhale onse ali pabwalo limodzi. "Auze amuna ako kuti mawa tiyambire kumtunda." Iye ali apo, akumva.

Utaka anaulandira bwino. Lero sindinalakwe kalikonse.

Lachitatu, 29 Meyi

Tsiku la msika. Onse analawirira kumunda kukamweta, ati mpheta sizidziwa kuti pakhomo pali mwambo. Tinatsala ine, Rahma ndi mwana.

Ndinasesa, ndinachapa matewera, ndinasesanso. Kenako Rahma n'kunena kuti mpunga wa alendo a mawa sunakonoledwe, amayi ake anati atuma munthu madzulo. Ine mumtima: Keti, mwayi wako ndi umenewu. Ndinati, "Mwana iwe, gona, ine manja ndili nawo." Anakana kawiri mwaulemu, kachitatu tulo tinali titamugwira. Anangoti, "Matumba ali m'kachipinda kakumapeto, amayi, tengani lina lililonse."

Lina lililonse? Pa mwambo wa mdzukulu wanga? Ine ndagula nsomba padoko moyo wanga wonse, sinditenga katundu ndisanamuone. Ndinamasula matumba limodzilimodzi. Ili losakanikirana, ili la njere zazifupi, ili lili ndi timiyala. Ndiye ndinaona kathumba kakang'ono, kokwana ndowa imodzi, kali pamwamba pa thandala, komanga ndi kansalu kobiriwira. Nditamasula, eee. Njere zazitali, zofanana zonse ngati anachita kuziyeza, zina zili ndi tindevu. Ndinasenda imodzi ndi mano, fungo lake linandifika mpaka kumutu. Ndinati anthu awa ndi ochenjera, wabwino abisa pamwamba, alendo azidya timiyala.

Ndinasenza ndekha mpaka kuchigayo. Mzere wautali, aliyense akuyankhula Chiyao mothamanga. Ine Chiyao changa ndi cha padoko, chogulira ndi kutukwanira. Mayi wina anandifunsa kuti ndine wa kwa ndani. Nditanena, uthenga unayenda mzere wonse: "Mayi ake a Che Daudi!" Ati mwana wanga ndi wolimbikira, ati kuwokera anaphunzira msanga kuposa obadwira konkuno. Ndinatupa, sindinama.

Podikira ndinazungulira msika. Mpunga mulu ndi mulu, wina m'zidebe, wina m'mabeseni, aliyense akuti wake ndi kilombero weniweni. Ogula amatapa pang'ono, kuupumira mpweya m'manja, n'kununkhiza. Ndinayesa nanenso, ndinayetsemula, amayi onse kuseka. Zitumbuwa zawo n'zabwino. Koma nsomba zawo, Ambuye andikhululukire, timakambuzi toti kwathu timapatsa amphaka. Ndinangoyang'ana n'kudutsa. Mukuona kusintha kwanga?

Mpunga unatuluka woyera mbee, wosasweka. Ndinaupeta bwinobwino, n'kuvundikira m'beseni.

Asewere anabwera dzuwa litapendeka, matope mpaka m'mawondo. Ndinati, "Za mpunga musavutike, ndakonoletsa kale." Anaima, anandiyang'ana, ndipo anamwetulira koyamba. "Sikomo, asewere. Mwatipeputsa." D. anali kuseri kwa nkhokwe monga mwa masiku onse, koma anamva. Anandigwedezera mutu.

BP sindinayeze koma ndikudziwa kuti ili bwino.

Lachinayi, 30 Meyi

Mwana dzina lake ndi Shamima. Ndayamba ndi zabwino chifukwa zotsalazo, mayo.

M'mawa asewere anatanganidwa ndi za mbuzi ndi kukaitana a shehe. Ine ndinalanda mphika wa mpunga, ndinati uwu ndi wanga. Utayamba kuwira, fungo linadzaza bwalo lonse, linatuluka mpaka kunjira. Amayi othandiza kuphika anayamba kuyang'anana. Ine ndimati akusirira.

Asewere anatulukira pachipata ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Anaima. Ananunkhiza. Anatula nkhuni pansi pang'onopang'ono, osati pamene zimakhala, pomwepo panjira. Analowa m'kachipinda kakumapeto. Anakhalamo nthawi. Potuluka nkhope inali ngati palibe chachitika, anapita kukalandira alendo.

Mwambo unayenda bwino, mapemphero, kumeta, dzina. Alendo anadya mpaka kunyambita zala. Bambo wina wachikulire anauza asewere kuti, "Abiti, mpunga wa anganga umenewu? Mwatilemekeza chaka chovuta chino!" Asewere anangoti, "Alihamudulila." Ine ndinali pambali ndikudikira kuti wina anene dzina la wophika.

Ndi D. amene anandikokera kuseri kwa bafa. "Amayi, munatenga thumba liti?"

Inali mbewu.

Ndilembe bwino kuti ndimvetse ndekha. Mpunga umenewu amautcha wa anganga, ndiye kuti wa agogo m'Chiyao, chifukwa anabwera nawo ndi agogo awo a asewere kuchokera kutsidya kwa malire kalekale. Umachedwa kucha, subereka kwambiri, ndiye anthu onse pa Mlambe anausiya, anatengeka ndi wa msanga umene mavenda amafuna. Anatsala nawo ndi asewere okha. Amaudzala m'munda wakumunsi kufupi ndi nyanja. Chaka chino madzi anakwera n'kumiza mundawo. Iwo analowa m'madzi ofika m'chiuno, n'kumadula ngala imodziimodzi ndi kampeni, kusankha zabwino zokhazokha. Zonse zimene anapulumutsa ndi kathumba kaja. Ndipo anali atanena kale, kudzera mwa Rahma, kuti chaka chamawa munda wakumunsi aupereka kwa D. pamodzi ndi mbewuyo. Mkamwini kupatsidwa zimenezo si masewera.

Ndinati, "Nanga wotsala m'beseni uja?" D. anati, "Amayi, wokonola samera." Ndikudziwa! Ndinangofunsa basi.

Safunsa anadya phula. Ine ndadyetsa mudzi wonse.

Alendo atapita ndinawapeza asewere kuseri kwa nyumba, okha, ali ndi mbale ya mpunga womwewo, wopanda ndiwo. Ankadya pang'onopang'ono. Ndinagwada, ndinapepesa, mawu ambirimbiri. Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Mwaphika bwino, asewere. Sunapsere." Basi.

Bola akananditukwana. Kutukwanizana ndimakutha.

Lachisanu, 31 Meyi

Palibe akundikalipira. Madzi osamba andiikira, tiyi andipatsa wa mkaka, ulemu wachuluka ngati ndine mlendo wa boma. Tsache ndikaligwira, wina amabwera kudzalandira.

D. wapita ku jumwa, mapemphero awo a Lachisanu, osandiyang'ana. Rahma maso ofiira, akuti cholakwa ndi chake chifukwa anati lina lililonse. Ndamuuza kuti asiye zopusa, wolakwa alipo ndipo akumudziwa.

Shamima yekha ndi amene sakudziwa kanthu. Wandikodzera, ndinasangalala.

Loweruka, 1 Juni

Msika unanso. Ndinadzuka ndi nzeru: chimene chinatayika pamsika chipezeka pamsika. Ndinayenda mulu uliwonse, "Muli nawo wa anganga wosakonola?" Nkhani inali itafika kale. Mayi wina wogulitsa, dzina lake Asiatu, wa mano a golide, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Ndinu amene munatidyetsa mbewu? Iii, amama, koma unakoma! Sitidzaiwala." Anandipatsa mpando ndi chitumbuwa chaulere. Ndatchuka pa Mlambe.

Mnyamata wina wa sikelo anati ali nawo, weniweni, anachita kulumbira. Asiatu anangotapa, kuyang'ana, n'kumuponyera pachifuwa. Ati wa anganga sunagulitsidwepo pamsika, ndipo amene ankadzala anasiya kalekale, iye yemwe anasiya mwana wake woyamba ali kumsana.

Ndinagulabe ndowa ya kilombero wosakonola, wabwino kuposa onse, ndinasenza mpaka kunyumba. Asewere anauyang'ana, anapumira m'manja, ananunkhiza. "Ndi wabwino. Tidzaphika pa Idi." Ndinamva manyazi kuposa Lachinayi.

Madzulo D. analankhula nane koyamba kuchokera Lachinayi lija. Anati Lolemba andipezera kabaza. Ine ndimayenera kubwerera Lachitatu. Sananene mawu aja a pafoni, koma ndinawamva.

Ndinapita kukakhala ndi Rahma, ndikusisita kamutu kometa ka Shamima, ndikuganiza kuti mwina ndidzamuonanso akuyenda kale, kapena pa foni basi. Ndinamufunsa Rahma kuti munda wakumunsi unamira wonse? Ati ayi, kumapeto kwenikweni kuli kachigawo kamene ngala zikuonekabe pamwamba pa madzi, chifukwa mpungawu ndi wautali. Koma n'kozama, ndipo abusa a ziweto anaonako ng'ona. Pofunika bwato.

Ndinati, "Bwato? Mwamuna wako anabadwira m'bwato!"

Ati D. anadzipereka kale. Koma kumeneko wa anganga wasakanikirana ndi wina wofiira wongomera wokha, ndipo wosiyanitsa bwino ngala zake ndi asewere basi. Kudula chidulire ndi kuononga mbewu. Ndiye bwato ndi kanthu kakang'ono, mawondo amagundana. Mpongozi ndi mkamwini angakhalemo bwanji? Kukwera ndi mwamuna wachilendo, amuna awo ali ku Joni, ndiye ayi ndithu. Nkhani inathera pomwepo, mpheta zikudya.

Anthu awa! Mbewu ya agogo ithe chifukwa cha mawondo?

Ndagona ndikuseka ndekha. Ndili ndi ganizo.

Lamulungu, 2 Juni

Kuno tchalitchi chathu kulibe. Ndavala yunifomu yanga, ndapemphera m'chipinda, ndaimba nyimbo imodzi motsitsa. Rahma anati mawu anga ndi abwino. Ndavula.

Ulendo uno ndinafunsa kaye. Ndaphunzira. Ndinawapeza asewere akupeta, ndinakhala pansi, ndinati, "Asewere, ine ndimapalasa."

Anapitiriza kupeta.

Ndinawauza kuti kwathu tinabadwa akazi okhaokha, ndiye bambo anga analibe wosankha, nkhafi anandigwiritsa ine. Nditakwatiwa ndinasiya chifukwa anthu ankaseka amuna anga, koma manja saiwala. Ndinati, "Inu maso, ine manja. Mawondo athu akagundana palibe mlandu."

Anaima kupeta. "Mzimayi kupalasa?"

"Mzimayi kudyetsa alendo mbewu munamuonapo? Ine ndimachita zimene ena sachita."

Pakamwa pawo panagwedezeka pang'ono, koma anadzigwira. Kenako ananena motsitsa kuti iwo bwato sanakwerepo chibadwire. Munthu wokulira m'mphepete mwa Malombe! Ati madzi ofika m'chiuno ndi awo, opitirira apo ndi a Mulungu. Ndinati tikawabwereka kwa Mwini wake m'mawa umodzi wokha.

Sanavomere, sanakane. Koma madzulo ndinamva akuuza Rahma, "Auze amuna ako akabwereke bwato kwa Che Zubair. Za kabaza adikire kaye."

D. anabwera kudzandinong'oneza: "Amayi, mukawagwetsera m'madzi, ine ndisamukira ku Mozambique."

Lolemba, 3 Juni

Mapewa akuwawa, manja atuluka matuza, ndipo ndakondwa ngati mwana.

Bwato la a Zubair ndi chigoba chokhota, chomata ndi phula ndi mapulasitiki. Kwathu tikanagonekamo nkhumba. Asewere anafika atamanga nsalu zolimba ngati akupita ku nkhondo, kampeni m'manja, beseni pamutu. D. anatikankhira m'madzi nkhope atayang'ana kumbali, moti anangotsala pang'ono kutilowetsa m'bango.

Poyamba bwato linazungulira kawiri. Zaka zapita, nanga. Asewere anagwira m'mbali zonse ziwiri, maso atatseka, akutchula mayina onse a Mulungu amene amawadziwa. Ndinati, "Khalani pakati ngati thumba, musandithandize." Anati, "Inu musandilankhule, palasani!" Ndinati eya, mawu aja atuluka.

Tinadutsa pamwamba pa minda ya anthu, namasupuni akukola nkhafi. Iwo ankaloza pansi pa madzi: apa ndi pa malire, apa panali nazale. Kenako tinafika. Kachigawo kakang'ono, ngala zikuwerama pamwamba pa madzi, mpheta zili wirawira. Zambiri zinali zitadyedwa kale. Ndinakuwa ndi mawu anga a padoko, zinauluka zonse. Asewere anati, "Mukanabwera mu Epulo, tikanakolola munda wonse."

Akangogwira kampeni mantha anatha. Ankaweramira kunja mpaka ine kumakhalira mbali ina kuti tisagudubuke. "Kumanja. Pang'ono. Bwererani. Osati iyo, ndi yofiira. Imani!" Ine Keti, wolamula doko lonse, lero ndimangoti chabwino, chabwino. Ngala iliyonse ankaitembenuza, kuiyang'ana, ina kudula, ina kuisiya. Kwa ine zonse zinali zofanana. Ndinaloza imodzi yonenepa bwino, anati, "Inu kusankha munasankha kale."

Chinthu china chinagunda pansi pa bwato. Tonse tinati ng'ona! Chinali chitsa. Koma asewere anali atandigwira kale bondo, zikhadabo zinalowa. Titazindikira tinaseka mpaka bwato kumwa madzi, ine kumakapa ndi mbale yawo ya chakudya.

Pobwerera, ali chondifulatira, ananena okha osafunsidwa. "Lachinayi lija, asewere, pakanapanda alendo, ndikanakuthirani mphika uja." Ndinati ndikanaulandira. Anati mayi awo pomwalira sanasiye nsalu kapena mbuzi, anasiya mpunga umenewu, ndipo iwo usiku wa Lachinayi anaona ngati amwaliranso kachiwiri. Ndinangopalasa.

Tapeza beseni limodzi losadzaza, ngala zosapuntha. Ati zikauma n'kupuntha zitsala mbale zingapo. Munda wonse sizikwana, mwina kangodya kamodzi. Za D. ndi munda wakumunsi sananene kanthu, ine sindinafunse.

Anthu anadzaza pagombe kudzaonerera azimayi awiri m'bwato. Asiatu analiza nthungululu. Asewere anatsika mwaulemu ngati amakwera tsiku lililonse.

Lachiwiri, 4 Juni

Mbewu ili padzuwa, pa lichero, pakhonde. Asewere akhala pambali pake tsiku lonse ndi kabango koingitsira nkhuku. Ine ndikudutsira kutali.

Lachitatu, 5 Juni

Ndalembera pa tirumu, wakabaza wapita kukathira mafuta.

M'mawa ndinatsanzikana ndi Shamima, ndinamununkhiza m'khosi kuti fungo lindikwanire. Rahma analira. D. ananyamula chikwama changa, osanena kuti mudzabwerenso, osanena kuti musadzabwere. Mwana ameneyu anatengera bambo ake, mawu amachita kumukama. Ndinati chabwino, Keti, walandira zoyenera.

Tili pachipata asewere anandiitana, "Asewere, tabwerani." D. anathawira kuseri kwa mtengo wa mango. Anali atapuntha mbewu ija m'mamawa n'kuigawa pawiri. Gawo lina anamanga m'kansalu, mfundo ziwiri, kukula kwake ngati papaya wamng'ono. Anandiika m'manja.

Ndinati, "Ine? Ku Malindi ndilibe munda wa mpunga. Pakhomo panga ndi mchenga wokhawokha."

"Sindinati mukadzale. Mukasunge. Pouma, pamwamba, kutali ndi makoswe." Anaima pang'ono. "Ndi kutali ndi chigayo."

Ndinafuna kuseka. Ndinati bwanji osasungitsa Asiatu, kapena wina wodziwa. Anati mbewu kukhala nyumba imodzi ndi kumene kunawalakwitsa, madzi akabwera kapena mlendo akabwera, zonse zimapita. "Ndipo inu tsopano mukuidziwa kuposa onse. Mvula ikayamba mubwere nayo nokha, musatume munthu. Amuna ake a Rahma adzafuna yofesa pa nazale kumunsi kuja." Ananena mokweza pang'ono, kuti mtengo wa mango umve.

Mtengo wa mango unatsokomola.

Wakabaza wabwera. Akuti kamtolo aka timange kumbuyo pamodzi ndi chikwama, kuti ndigwire bwino ndi manja onse. Ndakana.